Utsi wa kukhitchini ndi kuiwalaiwala kwa agogo aakazi

Mukalowa m'khitchini ya agogo kumudzi, yambani mwayang'ana kudenga. Mapaso ndi udzu zili bii, mwaye ukulendewera ngati ndevu za chimanga. Mwaye umenewo ndi utsi womwe unakakamira kumwamba. Wina wonse unadutsira m'mphuno ndi m'chifuwa cha munthu amene wakhala akuphika m'menemo.

Tiwerengere pang'ono. Mtsikana wa kwathu kuno amayamba kukhala pamafuwa ali ndi zaka ngati 10. Phala m'mawa, nsima masana, nsima madzulo, madzi osamba, ndiye tsiku la nyemba moto suzima. Tingoti maola 3 patsiku, ngakhale ambiri amapitirira pamenepo. Akamakwanitsa zaka 65 amakhala atapuma utsi kwa maola oposa 60,000, nkhope ili pafupi ndi moto, nthawi zina akuuzira ndi pakamwa. Bambo wa msinkhu womwewo maola amenewo anali pakhonde kapena kudimba. M'Malawi muno mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, choncho nkhaniyi ikukhudza pafupifupi agogo aakazi onse amene mukuwadziwa.

Za chifuwa ndi maso ofiira anthu amazidziwa. Zomwe ambiri sanamve n'zakuti utsi womwewu umafika ku bongo.

Mu utsi muli zinthu zambiri, koma ziwiri ndizo zofunika kuzimvetsa. Choyamba ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa PM2.5. N'tating'ono moti mutatindandalika pafupifupi 30 ndi pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi la pamsewu zambiri zimakodwa m'mphuno ndi pakhosi n'kutuluka ndi mamina, koma tizidutswa iti timatsika mpaka kumapeto kwenikweni kwa mapapo, ndipo tochepetsetsa timalowa m'magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2021 linanena kuti mpweya wabwino usapitirire mamayikulogalamu 15 a PM2.5 pa kiyubiki mita imodzi pa tsiku lathunthu, komanso 5 powerengera chaka chonse. M'khitchini yotseka yophikira pamafuwa muyezo umenewu umafika m'mahandiredi, ndipo pa nthawi yokoleza moto umakwera kuposa apo.

Chachiwiri ndi mpweya wa carbon monoxide. Uwu sununkha, suoneka, sutsokomoletsa. Umakakamira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wa okosijeni maulendo oposa 200, ndiye magazi amazungulira m'thupi atanyamula katundu wolakwika. Mutu umene amayi ambiri amadandaula akamaliza kuphika, n'kumati ndi dzuwa kapena njala, kawirikawiri umachokera pamenepa.

Njira yaikulu imene utsi umawonongera bongo ndi ya mitsempha ya magazi. Tizidutswa tija tikakhala m'mapapo, thupi limalimbana nato ngati mmene limachitira ndi bala, ndipo kutupa kwa m'kati kumeneku kukapitirira zaka zambiri kumaumitsa mitsempha, kumakweza BP, ndiponso kumachititsa magazi kugwirana msanga. Bongo uli ndi timitsempha topyapyala kwambiri. Tikamatsekeka kamodzikamodzi munthu sagwa pansi, safa ziwalo, palibe amaona kanthu. Zimangooneka patapita zaka kuti agogo ayamba kuchedwa kuganiza, kusokoneza ndalama, kutaya mawu pakati pa nkhani. Mtsempha waukulu ukatsekeka ndiye sitiroko ija timaidziwa. Njira ina ndi ya m'mphuno: mtsempha wonunkhizira umalumikizana ndi bongo mwachindunji, ndipo tizidutswa tochepetsetsa tingathe kukwera nawo. Mu 2016 akatswiri a ku Lancaster University anapeza tizidutswa ta chitsulo tochokera ku utsi m'bongo wa anthu omwe anakhala ku Mexico City ndi ku Manchester.

Umboni wokhudza amayi achikulire unayamba kulimba ku America. Kafukufuku wa anamwino wotchedwa Nurses' Health Study, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, anatsata amayi oposa 19,000 a zaka 70 mpaka 81. Anapeza kuti mayi wokhala kudera lomwe mpweya wake uli ndi mamayikulogalamu 10 owonjezera, nzeru zake zimatsika ngati kuti wakalamba zaka 2 kuposa mnzake. Kumbukirani kuti apa akunena za mamayikulogalamu 10, pomwe khitchini zathu zili m'mahandiredi. Kafukufuku wina wa amayi ku America komweko, Women's Health Initiative Memory Study, anaonetsa kuti amayi okhala kumadera a mpweya woipa amadwala kwambiri matenda oiwalaiwala, ndipo mu 2022 anaonetsanso mbali yolimbikitsa: kumadera komwe mpweya unayeretsedwa m'kupita kwa zaka, chiopsezo chinatsika ngakhale kwa amayi omwe anali kale m'zaka za m'ma 70 ndi 80. Ku China, ku India ndi ku Mexico, komwe anthu ambiri amaphikira nkhuni ngati ife, achikulire ophikira nkhuni kapena malasha anapezeka kuti amakhoza mochepa pa mayeso a kukumbukira poyerekeza ndi ophikira gasi kapena magetsi. N'chifukwa chake mu 2020 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linaika mpweya woipa pa mndandanda wa zinthu 12 zopeweka zomwe zimathandizira matenda oiwalaiwala. Mu 2024 mndandandawo unafika pa 14.

Tisanamizane: utsi si chokhacho. BP, shuga, kusamva bwino, kusaona, mowa, fodya, kusungulumwa ndi kuvulala m'mutu zili pa mndandanda womwewo. Koma mwa zonsezi, utsi wa kukhitchini ndi umene banja lingachepetse sabata yomwe ino popanda kudikira wina aliyense.

Chomwe chimathandiza kwambiri n'chomwe chilibe mtengo: tulutsani moto m'chipinda chotseka. Kuyambira Epulo mpaka Novembala palibe chifukwa chophikira m'kati. Chisakasa cha mizati inayi ndi denga, chokhala ndi khoma lofika m'chiuno kumbali imodzi kapena ziwiri kochokera mphepo, chimakwanira ngakhale m'dzinja. Wophika akhale kumene mphepo ikuchokera kuti utsi uzimuthawa. Chisakasacho chisayandikire zenera la chipinda chogona, chifukwa utsi umangozungulira n'kukalowa kumene agogo amagona.

Ngati khitchini iyenera kukhala yomweyo, ibooleni kumwamba. Utsi wotentha umakwera, choncho kazenera ka m'munsi sikautulutsa. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi, masentimita 15 mpaka 20, pakati pa khoma ndi denga kuzungulira konse, ndipo pakhale mazenera awiri oyang'anizana, limodzi likhale pamwamba pa malo a moto. Chitseko chizikhala chotsegula nthawi yonse yophika. Cholakwika chomwe timachiona kawirikawiri n'chakuti mazenera amabooledwa bwinobwino, koma pofika Juni atsekedwa ndi masaka kapena makatoni chifukwa cha chisanu, ndipo sachotsedwanso. Ena amakana kuboola poti utsi umateteza udzu ku chiswe komanso chimanga cha mbewu ku anankafumbwe. N'zoona kuti umathandiza. Koma mbewu mungaipachike pamwamba pa moto m'chisakasa momwemo, kapena kuisunga m'matumba osalowa mpweya aja amagulitsa m'masitolo a zaulimi.

Nkhuni zaziwisi ndizo gwero la utsi wambiri. Moto umataya mphamvu pophwetsa madzi a m'chikuni, sutentha mokwanira, ndiye zomwe zikanapsa zimatuluka ngati utsi woyera wolemera uja woliza misozi. Wazani nkhuni zikadali zaziwisi, zikhale zonenepa ngati dzanja la mwana, muziunjike pamwamba pa njerwa kapena timitengo kuti zisakhudze dothi, muvundikire pamwamba pokha m'mbali musiye mphepo izidutsa. Nkhuni youma imang'ambika kumapeto, imapepuka, ndipo mukagundanitsa ziwiri zimalira kuti ngwe, osati phu. Za m'dzinja zikonzedwe mu Seputembala kapena Okutobala. Zitsononkho ndi mapesi zimafuka kwambiri kuposa nkhuni zouma. Ngati palibe china, ziphikiridwe panja basi.

Ndiye pali khalidwe lokolezera moto ndi majumbo, zidutswa za mabotolo apulasitiki kapena nkhwaira zakutha. Limeneli lisiyidwe. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni yemwe mulibe mu nkhuni, ndipo umafuka nthawi imene nkhope ya wokoleza ili pafupi kwambiri ndi moto. Udzu wouma, timitengo tating'ono ndi makoko ouma a chimanga zimagwira ntchito yomweyo. Pouzira moto gwiritsani ntchito kachibango kapena kapaipi kotalika ngati mkono, kapena pemererani ndi chivundikiro cha poto, m'malo mogwada n'kuika mutu pamafuwa.

Za mbaula tikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene anthu amadzinamiza. Chitetezo mbaula, ija ya dongo, ndi yabwino: imapulumutsa nkhuni, imanyamulika kupita nayo panja, ndipo ana sapsa kwambiri. Koma ilibe chumuni. Mukaiika m'khitchini yotseka, utsi wonse umene yatulutsa umakhala momwemo. Phindu lake pa nkhani ya utsi limabwera mukaitulutsa panja, mukaika nkhuni 2 kapena 3 zokha zopyapyala osadzaza pakhomo pake, ndiponso mukachotsa phulusa musanakoleze kuti mpweya uzilowa pansi. Musaithire madzi ikadali yotentha, imang'aluka.

Phunziro lalikulu linachokera m'dziko mwathu momwe muno. Ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu, wokhudza ana oposa 10,000, womwe mabanja anapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi fani yoyendera batire. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya Lancet mu 2017: chibayo mwa ana sichinatsike. Mbaulazo zinkawonongeka pafupipafupi, mabanja ambiri ankapitirizabe kuphikira pamafuwa, ndipo utsi wa zinyalala ndi wa makhitchini a anansi unali pomwepo. Kafukufukuyu anali wa ana, koma mfundo yake ikukhudzanso agogo. Mbaula yatsopano ikamaphika ndiwo pomwe nsima, madzi osamba ndi thobwa zikupsabe pamafuwa m'khitchini yakale, mapapo a wophika saona kusintha.

Mbaula ya njerwa yokhala ndi chumuni ndiyo imatulutsadi utsi panja. Ku Guatemala, komwe anaiyesa mosamala, amayi omwe anapatsidwa mbaula za chumuni BP yawo inatsika ndi mapointi pafupifupi 3 mpaka 4. Koma chumuni chimafuna chisamaliro. Paipi ipitirire denga, pasakhale ming'alu pomwe paipi yalumikizana ndi mbaula, poto akhale wokwanira bwino pabowo, ndipo mwaye uzikolopedwa ndi ndodo yomangirira chisanza pa masabata awiri aliwonse. Chumuni chotsekeka chimabweza utsi wonse m'nyumba, ndipo eni ake amangoti mbaulayi yatha ntchito.

Njira ina ndiyo kuchepetsa maola a moto. Nyemba zouma zimadya nkhuni maola atatu kapena anayi. Zinyikeni m'madzi usiku wonse, maola 8 mpaka 12, mutaye madziwo. Ziwire mwamphamvu mphindi 20 mpaka 30 poto ali wovundikira, kenako tengani potoyo osatsegula, muike m'dengu lomwe mwayalamo zofunda zakale, udzu wouma kapena manyuzipepala zokhuthala masentimita ngati 10 pansi, m'mbali ndi pamwamba. Pakatha maola 3 kapena 4 zapsa, moto utazima kalekale. Chomwe chimalakwika ndi kusuzumira: mukatsegula kutentha kwathawa. Poto akhale wodzaza bwino, chifukwa wa theka amazizira msanga, ndipo zikakhalitsa m'dengu mpaka kufunda, ziwiritseninso musanadye. Nsima singatheke motere, koma nyemba, nandolo, khobwe, mpunga ndi chingowe zimatheka.

Makala ali ndi chinyengo chawo. Safuka kwambiri, ndiye anthu amati ndi oyera, koma ndiwo amatulutsa carbon monoxide wochuluka. Pali chikhulupiriro chakuti makala akayaka n'kufiira, utsi utatha, palibenso choopsa. Si zoona, makala ofiira amatulutsabe mpweyawu mpaka atazima. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kumadera ozizira monga Dedza, Mzuzu, Ntcheu ndi Thyolo, mabanja amalowetsa mbaula kuchipinda kuti agogo aothe, n'kutseka chitseko ndi mazenera. Mwa njira imeneyi anthu amafa kutulo. Opulumuka ena amadzuka ali bwino, koma pakatha masiku angapo kapena masabata mpaka 6 amayamba kusokonezeka, kuiwala, kuyenda modzandira, abale n'kumadabwa chomwe chawagwera. Mbaula isagone m'chipinda chogona munthu, ngakhale zenera litatsegulidwa pang'ono. Agogo akamva chisanu, apatseni chipewa, sokosi, bulangete lachiwiri ndi botolo la madzi ofunda lotsekedwa bwino lokulungidwa m'chitenje. Anthu a m'nyumba imodzi akadzuka onse mutu ukuwawa, ali ndi chizungulire ndi nseru, tsegulani zonse, atulutseni panja, ndipo amene wafooka kapena kukomoka apite kuchipatala msanga kukalandira okosijeni. Mkaka suchotsa mpweyawu m'magazi.

Utsi suli kukhitchini kokha. Amayi owamba nsomba kunyanja, otcheza kachasu, ofulula mowa, okazinga mandasi ndi tchipisi pachiwaya amapuma wochuluka kuposa wa pakhomo. Koloboyi m'chipinda chotseka amadetsa m'mphuno usiku umodzi wokha. Nyali ya sola yathetsa vutoli motchipa. M'tauni muli zinyalala zowotchedwa kuseri kwa nyumba madzulo aliwonse ndi utsi wa magalimoto. Ku Ontario m'dziko la Canada anapeza mu 2017 kuti okhala pamtunda wosapitirira mamita 50 kuchokera pa msewu waukulu anali ndi chiopsezo cha matenda oiwalaiwala chokwera ndi 7 peresenti. Ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu, agogo apatsidwe chipinda cha kuseri. Masiki ya nsalu siletsa PM2.5 mokwanira, ndipo ngakhale masiki ya N95 siletsa carbon monoxide.

Gasi ndi magetsi ndizo zoyera koposa kwa amene angakwanitse. Ana amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain mukamaganiza chotumiza kumudzi, kumbukirani kuti silinda imatha, ndipo ikatha popanda ndalama yodzazitsira kapena kogula kuli kutali, mphika umabwerera pamafuwa. Komanso agogo amene ayamba kale kuiwala asasiyidwe okha ndi gasi. Amatha kutsegula osayatsa.

Povuta kwenikweni ndi agogo eni ake. Mukawauza za utsi adzakuyankhani kuti akhala akuphika chonchi amayi anu asanabadwe. Kuwalanda khitchini n'kulakwitsa, chifukwa m'menemo ndi momwe muli ulemu wawo ndi macheza awo, ndipo munthu wachikulire wongokhala yekha pakona nzeru zake zimatsika msanga. Gawani ntchito m'malo mwake. Kukoleza, kusonkhezera ndi kuvundula nsima achite achinyamata mosinthana. Agogo asankhe nyemba, asadzule nkhwani, apete, asinje nsinjiro, alawe mchere, ali pamphasa mapazi angapo kuchokera pamoto, kumbali yochokera mphepo. "Agogo, bwerani mukhale uku mutiuze ngati yapsa" amamveka bwino kuposa "chokanipo pamotopo". Ndipo musangochotsa agogo n'kuikapo mdzukulu wa zaka 10 m'khitchini yomweyo yotseka. Iyeyo ndiye wayamba kuwerenga maola ake 60,000.

Kodi kuiwala kotani n'kodetsa nkhawa? Kuiwala pomwe mwaika mpeni kenako n'kukumbukira ndi ukalamba wamba. Kufunsa funso lomwelo kasanu pa ola limodzi, kuthira mchere katatu, kuiwala kaphikidwe ka ndiwo zomwe aphika moyo wawo wonse, kusochera pochokera kumjigo, kusazindikira mpongozi, kunena kuti ana akuwabera: izi zikamakula pang'onopang'ono kwa miyezi, ndi zizindikiro za matenda. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi, dzulo ali bwino lero sakudziwa komwe ali, ndi nkhani ina ndipo ndi ya changu. Malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kutsika kwa shuga, kuchepa kwa madzi m'thupi, sitiroko kapena mpweya wa makala zimachita zimenezi, ndipo zambiri zimachizika munthu akafika msanga.

Kwathu kuno agogo otere akapezeka usiku pakhomo pa eni, atavala mosalongosoka, akuyankhula zosamveka, mawu oyamba kutuluka ndi akuti agwa pa ndege ya ufiti. Maso ofiira, omwe afiira ndi utsi wa zaka 50, amasanduka umboni. Munthu wodwala matendawa angathe kuvomera chilichonse chomwe gulu lamufunsa. Lamulo la dziko lino la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo bungwe loteteza ufulu wa achikulire la MANEPO lakhala likudandaula za kuzunzidwa ndi kuphedwa kwa achikulire pa zifukwa zimenezi. Banja lidziwitse amfumu, anansi ndi a kumpingo kapena kumzikiti likangoona zizindikiro, kuti tsiku lomwe agogo adzasochere anthu adzawaperekeze kunyumba.

Popita kuchipatala apite ndi munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, atatenga buku la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa, achikuda omwe. Pemphani kuti ayezedwe BP, shuga, kuchuluka kwa magazi ndi HIV, komanso aonedwe maso ndi makutu. BP ya 140/90 kapena kupitirira, ikapezeka kangapo, imafuna chithandizo, ndipo mankhwala ake si ongomwa tsiku lomwe mutu wawawa. Ndi a tsiku lililonse. Ng'ala, yomwe utsi umathandiziranso kuibweretsa, imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi m'zipatala monga Nkhoma ndi chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre, ndipo agogo ena omwe ankaoneka osokonezeka amachangamuka akayambanso kuona. Akakhala ndi nkhawa yaikulu, osagona kapena aukali, zipatala za maboma zili ndi anamwino a matenda a maganizo, komanso kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Dokotala muwauze momveka zomwe agogo amaphikira, komwe amaphikira, kwa zaka zingati, ndiponso ngati mbaula ya makala inagonako kuchipinda kwawo m'masabata apitawa.